Mbuzi za mkaka kuno ku Chigwa cha Shire: tisankhe mtundu uti?

Pa msonkhano wathu wapitawu panabuka funso lakuti, munthu atapeza mwayi wosankha, angatenge mbuzi ya mtundu wanji kuti ana azimwa mkaka pakhomo. Ambiri munayankha kuti yoyera ija yachizungu, chifukwa munamva kuti imatulutsa malita atatu patsiku. Munamva zoona. Koma malita atatuwo imatulutsa ili kudera lotani, ikudya chiyani, ikumwa madzi ochuluka bwanji? Pepalali ndi loti tiyankhe mafunso amenewa munthu asanagulitse mbuzi zake ziwiri kapena zitatu kuti agule imodzi.

Nkhaniyi si yocheza. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa ana 100 alionse osakwana zaka zisanu m'dziko muno ndi opinimbira. Kuno kwathu mbuzi zili pafupifupi pakhomo lililonse, koma timazisungira kugulitsa pa Nchalo, pa Ngabu kapena pa Bangula kukagwa vuto, ndipo ndi mabanja ochepa amene amazikama. Chonsecho kapu imodzi ya mkaka wowiritsa, yothira m'phala la mwana m'mawa, ili ndi zakudya zomanga thupi zoposa za m'dzira limodzi, kuphatikizapo kashiyamu wolimbitsa mafupa ndi mano.

Mitundu imene tikuyerekeza

Yoyamba ndi yathu yachikuda, imene makolo athu anatisiyira. Yaikazi yokhwima imalemera makilogalamu 25 mpaka 30. Mkaka wake ndi wochepa: mukaitsekera ana padera usiku n'kukama m'mawa, mupeza kapu imodzi kapena kucheperapo, ndipo pakatha miyezi itatu kapena inayi bere limauma. Akatswiri a ku Bunda anayesa kukama mbuzi zachikuda kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Anaona kuti zikamakamidwa kamodzi patsiku ana ake amakulabe bwino, ndipo zimene zinkapatsidwa madeya zinkatulutsa mkaka woposa zinzake.

Yoyera ija dzina lake ndi Saanen. Dzinali ndi la chigwa china cha m'mapiri a ku Switzerland, kumene nthawi yozizira kumagwa chipale. Pa mitundu yonse ya mbuzi, iyi ndiyo imadziwika kuti imatulutsa mkaka wambiri: malita atatu kapena kuposerapo patsiku, kwa miyezi 8 mpaka 10, ikamadya bwino kumalo ozizira. Ndi yaikulu, makilogalamu 55 mpaka 65. Toggenburg nayonso ndi ya ku Switzerland, yofiirira, ya mizere iwiri yoyera kumaso, ndipo mkaka wake umacheperako pang'ono poyerekeza ndi wa Saanen. Alpine ndi ya kumapiri a ku France, ya mawanga osiyanasiyana. Zitatuzi tingaziike m'gulu limodzi: kwawo n'kozizira, mkaka wambiri, mafuta ochepa.

Anglo-Nubian ndi yosiyana nazo. Anthu a ku England anaipanga pokweretsa mbuzi zawo ndi atonde ochokera ku India ndi kumaiko otentha a kumpoto kwa Africa. Mudzaizindikira ndi makutu ataliatali olendewera ndi mphuno yokhota. Imatulutsa malita awiri kapena kupitirirapo pang'ono, ndipo imapirira kutentha kuposa zitatu zija.

Ena mumasokoneza Boer ndi mbuzi za mkaka chifukwa nayonso ndi yaikulu, yoyera thupi. Boer ili ndi mutu wofiira, kwawo ndi ku South Africa, ndipo ndi mbuzi ya nyama. Mkaka ili nawo wokwanira kulera mapasa, komanso wamafuta, koma bere lake silikhalitsa ngati la Saanen.

Onani kumene mbuzi za mkakazi zakhazikika bwino kwa anzathu. Ku Tanzania, mbuzi za ku Norway zinaperekedwa kwa alimi a ku Mgeta mu 1988, ndipo mpaka lero akukama. Mgeta ali pamwamba pa mapiri a Uluguru, kozizira. Ku Kenya, bungwe la Farm Africa linagawa atonde a Toggenburg ku Meru, m'mphepete mwa phiri la Kenya. Madera amenewa akufanana ndi Bvumbwe kapena Thyolo, osati Tengani. Ife kuno tili pansi penipeni pa dziko lino: Blantyre ali pamtunda wopitirira mamita 1,000 kuchokera pomwe pali nyanja yaikulu yamchere, pamene boma la Nsanje silifika ndi mamita 100 omwe. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapyola madigiri 40.

Zimene zili mumkaka

Mkaka wa Saanen, mukaugawa magawo 100, pafupifupi magawo 88 ndi madzi. Otsalawo ndi mafuta, zomanga thupi, shuga wa mumkaka ndi mchere wa m'thupi monga kashiyamu. Shuga sasiyana kwambiri pakati pa mitundu, amakhala magawo 4 kapena 4 ndi theka. Chimene chimasiyana kwambiri ndi mafuta. Saanen, Toggenburg ndi Alpine zili ndi magawo 3 mpaka 3 ndi theka. Anglo-Nubian ili ndi 4 ndi theka mpaka 5. Yachikuda ndi Boer zimafika magawo 5 mpaka 7. Zomanga thupi zimatsata njira yomweyo: pafupifupi magawo 3 mwa Saanen, kuyandikira 4 mwa Anglo-Nubian, ndi 4 kapena kuposa mwa yachikuda.

Ndiye kuti mbuzi ya mkaka wambiri imatulutsa mkaka wamadzimadzi, ya mkaka wochepa imatulutsa wamafuta. Tiyeni tiwerengere. Saanen ikatulutsa malita atatu a magawo 3.3, mafuta ake ndi pafupifupi magalamu 100. Anglo-Nubian ikatulutsa malita awiri a magawo 4.8, mafuta ake ndi magalamu 96. Botolo la Saanen ladzaza kuposa linzake ndi lita yathunthu, koma mafuta ndi ofanana. Wogulitsa mkaka pa lita angakonde Saanen. Mayi wothira m'phala la mwana, kapena wopanga chambiko, sataya kanthu ndi Anglo-Nubian. Yachikuda, pa botolo limodzi la Fanta la mamililita 300 ndi magawo 6, ikupereka magalamu 18 okha. Apa tisadzinamize: mkaka wake ndi wabwino, koma ndi wochepa ndithu.

Mkaka wa mbuzi yomweyo umasinthanso. Woyamba kutuluka pokama ndi wamadzi, womaliza ndi wamafuta, choncho pofuna kuyerekeza mbuzi ziwiri muzikama mofanana ndi kusakaniza wonse. Masiku oyamba mbuzi itangobereka, mkaka umakhala wachikasu, wonanda. Umenewo ndi wa ana ake, muli chitetezo ku matenda, ndipo musaukame kwa masiku anayi kapena asanu. Kumapeto, bere likayandikira kuuma, mkaka umachepa koma mafuta amakwera.

Mkaka wa mbuzi ndi woyera kuposa wa ng'ombe, ndipo timadontho ta mafuta ake ndi tating'ono, n'chifukwa chake mafuta sayandama msanga pamwamba. Za fungo zija ambiri mumadandaula nazo, nthawi zambiri gwero lake ndi tonde wogona khola limodzi ndi zokamidwa, kapena chiwiya chosatsuka bwino. Chenjezo limodzi lisakupiteni: mwana wosakwana miyezi isanu ndi umodzi ayamwe bere la mayi ake lokha, ndipo ngakhale atapyola pamenepo, mkaka wa mbuzi usalowe m'malo mwa bere asanakwanitse chaka. Uli ndi vitamini wothandiza kupanga magazi wochepa kwambiri, ndipo khanda lodalira mkaka umenewu wokha limatha magazi. Wina aliyense amwe wowiritsa, chifukwa matenda ena ochotsa mimba ziweto amalowa mwa munthu kudzera mumkaka wosawiritsa.

Mmene thupi la mbuzi limapangira mkaka

Amene munasendapo mbuzi mukudziwa kuti chifu chake chili ndi zigawo zinayi. Chachikulu chija, chokhala ngati thaulo mkati, sichigaya chakudya chokha. Muli tizilombo tosaoneka ndi maso tambirimbiri timene timaoletsa masamba ndi udzu, monga mmene chimera chimasasitsira thobwa. Mbuzi imabweza chakudyacho kukamwa, kubzikula, n'kumezanso pamodzi ndi malovu ambiri, ndipo malovuwo ndi amene amaletsa kuti m'chifu musasase mopyola. Tizilomboti tikamagwira ntchito timatulutsa maasidi, ndipo maasidiwo ndiwo amalowa m'magazi kukhala mphamvu ya mbuzi. Choncho podyetsa mbuzi, kwenikweni tikudyetsa tizilomboti.

Maasidi awiri ndiwo ofunika pa nkhani yathu. Wina, amene akatswiri amamutcha acetate, amachuluka mbuzi ikadya udzu, masamba ndi mapesi, ndipo bere limamugwiritsa ntchito popanga mafuta a mumkaka. Winayo, propionate, amachuluka ikadya madeya ndi zina za mtundu wa ufa. Ameneyu amapita kuchiwindi, chiwindi n'kumusandutsa shuga wa m'magazi, bere n'kusandutsa shugayo kukhala shuga wa mumkaka. Tsono shuga wa mumkaka ndi amene amakokera madzi m'bere. Shuga akachuluka madzi amalowa ambiri, mkaka n'kuchuluka. Akachepa, mkaka umachepa.

Apa ndi pamene pagona kusiyana kwa mitundu. Saanen anaisankha kwa zaka zambiri kuti bere lake likhale lalikulu ndi lokoka shuga wambiri m'magazi, motero limakokanso madzi ambiri ndipo mafuta amasungunuka m'madzi ochulukawo. Yachikuda imapanga shuga wa mumkaka wochepa, madzi n'kulowa ochepa, mafuta n'kukhala othithikana. Izi zikutiuzanso chifukwa chake mukawonjezera madeya mkaka umachuluka, koma mukapyoletsa n'kuchepetsa masamba, mafuta amatsika, mbuzi imasiya kubzikula, imatsegula m'mimba, mwinanso kufa ndi kutupa mimba.

Ntchito imene bere limagwira ndi yaikulu kuposa mmene timaganizira. Kuti lita imodzi ya mkaka ipangike, magazi okwana malita 400 mpaka 500 amayenera kudutsa m'bere. Kwa Saanen ya malita atatu, amenewo ndi malita oposa 1,200 patsiku, migolo isanu ndi umodzi ya malita 200, ndipo wopopa ndi mtima umodzi womwewo. Mphamvu yopangira malita awiri a mkaka ndi yofanana ndi imene mbuzi ya makilogalamu 60 imafuna kuti ingokhala ndi moyo tsiku lonse. Ikamatulutsa malita atatu, ndiye kuti ikudya chakudya choposa kawiri cha mbuzi inzake yolemera chimodzimodzi imene siikukamidwa.

Moto wa m'thupi ndi dzuwa la kuno

Gawo ili ndi limene ndikufuna tilimvetse koposa onse. Chakudya chikamaola m'chifu chimatulutsa kutentha, monga mmene mulu wa manyowa umatenthera mkati mukapisamo dzanja. Chiwindi, mtima ndi bere zikamagwira ntchito zimatulutsanso kutentha. Mbuzi yodya kwambiri ndi kupanga mkaka wambiri imakhala ndi moto waukulu mkati mwake. Ku Switzerland moto umenewo ndi dalitso, umaifunditsa. Kuno ndi katundu.

Thupi la mbuzi limayenera kukhala pa madigiri 38 ndi theka mpaka pafupifupi 40. Kunja kukazizira, kutentha kwa m'thupi kumatuluka kokha kudzera pakhungu. Koma masana a Okutobala pa Ngabu mpweya umatentha kufanana ndi thupi la mbuziyo kapena kuposa, ndiye kutenthako kulibe kolowera. Njira imene imatsala ndi kupuma mwawefuwefu ndi kutuluka thukuta pang'ono, ndipo zonsezi zimamwa madzi a m'thupi. Mbuzi yopumula pamthunzi kukuzizira imapuma ka 15 mpaka ka 30 pa mphindi. Yothedwa ndi dzuwa imapyola ka 80, pena ka 100, kukamwa kuli yasa.

Zikafika apa, thupi limadziteteza pozimitsa moto wake: mbuzi imasiya kudya. Ikasiya kudya, shuga wa m'magazi amachepa, ndipo mkaka umatsika. Magazi ambiri amathamangira kukhungu kukataya kutentha m'malo mopita kubere ndi kuchifu. Yowefuka siibzikula, malovu amangotayikira pansi, m'chifu mumasasa, mafuta a mumkaka n'kutsikanso. Ndiye mlimi amaluza kawiri, pa kuchuluka ndi pa ubwino womwe. Tonde nayenso akatenthedwa kwa masiku angapo mbewu yake imafooka kwa milungu ingapo, n'chifukwa chake ena amadandaula kuti tonde wachizungu akukwera koma zazikazi sizikutenga bere.

Yachikuda imapulumuka chifukwa moto wake ndi waung'ono. Imadya pang'ono, imapanga mkaka pang'ono, ndipo thupi laling'ono limataya kutentha msanga kuposa lalikulu, monga mmene nsima ya m'kambale imazizirira msanga kuposa ya mumphika. Chimene timachiona ngati ulesi wake pa mkaka ndi chomwecho chimene chimaisunga ndi moyo mu Novembala. Anglo-Nubian imathandizidwa ndi makutu ake aakulu, amene ali ndi mitsempha yambiri ya magazi pafupi ndi khungu, komanso ubweya waufupi.

Ena mudzafunsa kuti, kodi choyera sindicho chimabweza dzuwa? Ubweya woyera umabwezadi. Vuto la Saanen ndi khungu la pansi pa ubweyawo, limene mwa zambiri ndi lotuwa, lopanda mtundu. Pamphuno, m'makutu ndi pabere, pamene ubweya uli wochepa, limapsa ndi dzuwa n'kuchita zilonda, ndipo zilondazo zikakhalitsa zimatha kusanduka khansa ya pakhungu.

Ndinaonapo izi ndi maso anga chaka changa choyamba pantchito. Bambo wina anagula mbuzi yoyera kumtunda, yabere, n'kutsika nayo mu Seputembala. Anaikonda, ankaipatsa madeya m'mawa ndi madzulo. Koma khola linali la malata, lalifupi, ndipo madzi ankatunga kamodzi patsiku. Nditafika masana ndinaipeza yaima pansi pa nkhokwe ikuwefuka, madeya ali osakhudza. Inabereka mapasa, inakamidwa lita imodzi kwa milungu itatu, kenako inagona osadzukanso. Ine ndemwe sindinamuchenjeze mokwanira pogula paja, chifukwa nanenso m'mutu mwanga munali malita atatu a m'buku.

Milungu yoyamba itabereka

Imfa ya mbuzi ija inali ndi chifukwa chachiwiri. Mkaka umafika pachimake pakati pa sabata yachinayi ndi yachisanu ndi chitatu mbuzi itabereka, koma chilakolako cha chakudya chimabwerera mochedwa kuposa pamenepo. Pa milungu imeneyi mbuzi ya mkaka imatulutsa zambiri kuposa zimene ikudya, ndipo zoperewerazo imazitenga m'thupi lake lomwe posungunula mafuta ake. Kuonda pang'ono si vuto. Koma mafutawo akasungunuka ambiri nthawi imodzi, chiwindi chimalephera kuwagwiritsa ntchito onse, ndipo zotsalira zake zimadzaza m'magazi n'kuyamba kuidwalitsa. A zoona za ziweto amati ketosis. Mbuzi imakana madeya, imafooka, imakukuta mano, ndipo mpweya wa m'kamwa mwake umanunkha ngati mankhwala ochotsera kyutekisi. Vuto lofanana nalo limagwira mbuzi ya bere la mapasa m'milungu isanu ndi umodzi yomaliza, pamene ana akula n'kupanikiza chifu. Mukaona zizindikirozi itanani alangizi a ziweto tsiku lomwelo, ndipo podikira ipatseni molasi kapena shuga wosungunula m'madzi, ndi masamba aawisi amene imakonda.

Mitundu imasiyananso apa. Chakudya chikachepa, yachikuda imachepetsa mkaka n'kusunga thupi. Saanen imapitiriza kutulutsa mkaka ikudya thupi lake, chifukwa ndi mmene anaipangira. Kwa mlimi wa chakudya chokwanira, khalidwe limeneli ndi phindu. Kwa ife, amene timadziwa mmene tchire limakhalira mbee mu Okutobala, ndi ngozi.

Masamu a chakudya ndi madzi

Saanen ya makilogalamu 60 yokamidwa imadya chakudya cholemera pafupifupi makilogalamu awiri ndi theka patsiku chikakhala chouma. Masamba aawisi ndi madzi magawo atatu mwa anayi, ndiye ngati ikudya aawisi okhaokha pafunika makilogalamu 10. Yachikuda imakhuta ndi osakwana kilogalamu imodzi ya chouma, kapena makilogalamu atatu ndi theka a aawisi. Saanen imodzi ikudya za zachikuda zitatu. Kumalo ozizira masamuwa amakomera Saanen: zachikuda zitatu sizikwanitsa lita, iyo ikupereka atatu. Koma ikatsika kufika pa lita imodzi chifukwa cha kutentha, zafanana. Ndipo pa zitatu zija, imodzi ikafa mwatsala ndi ziwiri, komanso chaka chilichonse muli ndi ana ochuluka ogulitsa.

Pamwamba pa masamba, mbuzi ya mkaka imafuna madeya kapena chakudya chosakaniza chokwana magalamu 300 mpaka 500 pa lita iliyonse imene ikutulutsa. Madzi imamwa malita 10 kapena kuposa patsiku nthawi yotentha, ndipo ayenera kukhalapo nthawi zonse, pamthunzi. Aliyense adzifunse kuti mjigo uli kutali bwanji ndipo adzatunge ndani. Nthawi zambiri ntchito imeneyi imagwera amayi ndi ana, choncho nawonso akhalepo posankha.

Chakudya chabwino tili nacho, kungoti sitisunga. Masangwi a mtedza, makoko ndi masamba a nandolo ndi khobwe, kholowa wa kudimba, masamba a chammwamba, masawu ndi lukina, komanso zipatso za nsangu zimene zimayoyoka nthawi yomwe msipu watha, zonsezi zili ndi zomanga thupi. Umitsani pamthunzi, sungani pathandala. Lukina asapyole gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudya cha tsiku. Mphukira za mapira zophuka pambuyo pa ng'amba zili ndi poizoni wopha msanga, musalole mbuzi kulowamo. Madeya a chuku musapereke kwa mbuzi yokamidwa, chifukwa poizoni wa chuku amadutsa mpaka mumkaka umene mwana amwe.

Pali matendanso. Nkhupakupa zamawangamawanga zimafalitsa matenda otchedwa heartwater, amene amadzaza madzi mozungulira mtima, mbuzi n'kumayenda mozungulira, kugwa, kuphupha. Zachikuda zambiri zinazolowera, zachilendo zimafa m'masiku ochepa. Njoka za m'mimba, zimene zimachuluka m'madambo ndi pamene madzi osefukira aphwa, zimayamwanso magazi a zachilendo kuposa zathu. Mukapereka mankhwala a njoka kapena jakisoni, funsani alangizi masiku oyenera kudikira musanamwe mkakawo.

Maganizo anga

Saanen, Toggenburg kapena Alpine yeniyeni, yosasakaniza, sindingamulangize mlimi wa kuno kuti agule. Amene ali ndi dimba lothirira chaka chonse, mjigo pafupi, khola la m'mwamba lofolera ndi udzu pansi pa mtengo, ndi ndalama ya mankhwala angayese, koma adziwe kuti malita atatu sadzawaona mu chilimwe.

Njira yapakati ndi kukweretsa zazikazi zathu ndi tonde wa mkaka. Ana obadwa amakhala theka kwa theka: amatengera bere kwa bambo, kupirira kwa mayi. Kwa anzathu a ku Kenya ndi Tanzania zoterezi zimapereka lita imodzi mpaka awiri patsiku, ndipo zimakamidwa nthawi yotalikirapo kuposa zachikuda. Kuno tiyembekezere za kumunsi kwa mulingo umenewo, koma ngakhale lita imodzi ndi makapu anayi, okwanira ana onse a pakhomo. Pakakhala posankha, tonde wa Anglo-Nubian ndiye woyenera kuno kuposa ena aja. Ku Meru alimi amapitiriza kukweretsa mpaka magazi achizungu afike magawo atatu mwa anayi. Ife tiimire pa theka, chifukwa kupyola apo tabwerera ku mavuto a Saanen aja. Tonde akhale wa gulu, asungidwe ndi munthu mmodzi wa khola labwino, ndipo asinthidwe ana ake aakazi asanafike pokweredwa. Sankhani zazikazi zazikulu zimene zinaberekapo kale, osati misoti, chifukwa mwana wa tonde wamkulu amatha kuvuta pobadwa.

Nthawi yokweretsa ndi chida china chimene sichilira ndalama. Bere la mbuzi limatenga miyezi isanu. Ikakweredwa mu Disembala kapena Januwale, imabereka mu Meyi kapena Juni. Miyezi yomaliza ya bere imagwera pamene msipu ulipo, ndipo chimake cha mkaka chimagwera mu Juni ndi Julayi, kukuzizira, zotsalira za m'munda zili mbwee. Ikabereka mu Seputembala, chimake chimakumana ndi dzuwa la Okutobala.

Koma tisanafike kwa tonde wachilendo, tiyambe tadziwa mbuzi zimene tili nazo kale. M'khola lililonse mumakhala yaikazi imodzi imene ana ake amanenepa kuposa a zinzake. Imeneyo ndiyo mbuzi yathu ya mkaka, ndipo kawirikawiri ndi yomwe timathamangira kugulitsa chifukwa ogula amaipatsa mtengo wabwino.

Tiyese tokha

Gulu lipeze mbuzi zachikuda zisanu ndi imodzi zimene ana ake akwanitsa mwezi, zofanana msinkhu, ndipo ngati wina ali ndi yosakaniza ndi Boer kapena mtundu wina, ilowe nawo kuti tiyerekeze. Zitatu zizipatsidwa madeya odzaza manja awiri patsiku, pafupifupi magalamu 250, kuyamba ndi dzanja limodzi sabata yoyamba kuti chifu chizolowere. Zitatu zinazo zizidya monga mwa masiku onse. Madzulo ana atsekeredwe padera. M'mawa sambani m'manja ndi sopo, pukutani bere ndi kansalu koyera, kamani, koma ya mapasa muisiyire bere limodzi. Yezani mkaka ndi botolo lomwelo masiku onse, la Fanta kapena la madzi la theka la lita, ndipo mlembi alembe m'kope dzina la mbuzi, tsiku ndi mulingo. Mukatha kukama ana abwerere kwa amawo tsiku lonse.

Kamodzi pa sabata, nthawi ya 2 koloko masana, awiri aime chapatali ndi wotchi ya pafoni n'kuwerenga kuti nthiti za mbuzi iliyonse zikukwera kangati pa mphindi imodzi, kwa ya padzuwa ndi ya pamthunzi. Gwirani pamsana, kuseri kwa nthiti yomaliza: ngati mafupa akubaya dzanja ngati mano a sowo, mbuziyo ikudya thupi lake, isiyeni kukama. Ana ayezedwe pasikelo ya gulu sabata iliyonse, ndipo amene sakukwera sikelo, make asakamidwe mpaka atachira. Za mafuta tilibe chipangizo choyezera, koma tikawiritsa mkaka wa mbuzi iliyonse pawokha, mulingo wofanana, n'kuusiya uzizire m'makapu ofanana, tidzaona kusiyana kwa chikhungu cha pamwamba. Njirayi ndi yongoyerekeza chabe.

Tidzachita izi kwa milungu isanu ndi itatu. Pa msonkhano ukubwerawu aliyense abwere atawerenga zazikazi zimene ali nazo, mwezi umene iliyonse inabereka komaliza, ndi mtengo wa ndowa ya madeya pa chigayo cha kwawo, kuti tidzathe kuwerengera kuti kapu imodzi yowonjezera ikutidyera ndalama zingati.